Anthu Asanu ndi Anayi Amene Ndinawakweza Lole

Foni inalira ndili kudimba ndikupalira kabichi, Lachiwiri lina m'mwezi wa Febuluwale. Nambala inali yachilendo. Nditayankha ndinamva mawu a Rozina, mwana wa mlongo wanga, akulankhula chapansipansi.

"Amalume, ndine Rozina. Foniyi ndabwereka, musaimbenso. Kuno sikuli bwino. Zitupa zathu anatilanda, ufa anasiya kutipatsa, pageti aikapo alonda. A Damiano akudwala kwambiri, akungosanza kuyambira tsiku limene anapopera mankhwala m'fodya. Bwerani mudzatitenge."

Ndisanafunse chilichonse foni inaduka.

Ndinene poyambirira pomwe pano kuti amene anawatengera anthuwo kumeneko ndine, Gerevazio Mbewe. Chaka chapitacho ndinagwirako ntchito pa esiteti ina ya fodya kuseri kwa Kasungu. Pobwerera kumudzi, manijala wake, a Chikopa, anandiuza kuti ndikawapezere anthu olimbikira, adzandithokoza ndi matumba awiri a feteleza. Ndinayenda khomo ndi khomo kwathu ku Kabwazi, ndikuuza anthu kuti kumeneko chakudya n'chaulere, nyumba ziliko, malipiro ndi abwino. Anavomera anthu asanu ndi anayi, pakati pawo Rozina ndi a Damiano, mnzanga wa m'kwaya ya kutchalitchi, amene nyumba yawo imayang'anizana ndi yanga. Lole itabwera mu Okutobala ndinawakweza ndekha kusanache, kunjira ya kuseri kwa mudzi, kuti a khansala athu asaone.

Masiku awiri ndinakhala nayo nkhaniyi osauza munthu. Lachinayi m'mawa akazi anga anandipeza nditakhala kuseri kwa khola, tiyi atazizira m'kapu, ndipo ndinawauza zonse. Sanandikalipire. Anangoti, "Valani nsapato mupite kwa a khansala."

Khansala wa dera lathu ndi Mayi Nangozo, amene anali mphunzitsi wa kupulayimale asanalowe ndale. Ndi mayi wamfupi, woyenda msangamsanga. Ndi iwo analimbana mpaka pamtsinje wathu panamangidwa mlatho, ndiponso ndi iwo anakana kuti amayi okonza msewu azilandira zochepa kusiyana ndi abambo. Akamva kuti lole yabwera kudzatenga antchito, ankaima kutsogolo kwake ndi kope, n'kulemba dzina la aliyense ndi kumene akupita. Eni malole sankawakonda. Inenso nthawi imeneyo sindinkawakonda.

Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anatsegula kope lija.

"Tchulani mayina."

Ndinatchula onse, iwo akulemba.

"Njira mukuidziwa?"

"Ndikuidziwa, mayi, koma a Chikopa si munthu wocheza naye. Anandiuza okha kuti wobweretsa mavuto pa esiteti amapezeka akuyandama m'damu. Anatinso apolisi akadzabwera, womangidwa ndidzakhala ine, chifukwa wotenga anthu kumudzi ndine."

"Zoti simumangidwa sindingakulonjezeni," anatero. "Zimene munachita munachita. Koma wodziwa njira ndinu nokha. Mawa tinyamuka."

Lachisanu tinanyamuka kukungocha. Ndinavala jekete yanga ya kutchalitchi, ndipo podutsa pakhomo pa a Nabanda, akazi a Damiano, ndinayenda chonyang'ama kuti asamve nsapato. Mvula inali itagwa usiku wonse. Pasiteji ya njinga zamoto panali amuna awiri atakhala pansi pa denga la malata limene a khansala omwewo anawapezera. Wamkulu wa iwo, a Sitefano, bambo wa imvi, ananena kuti msewu wopita ku Linthipe waipa, tidikire dzuwa liumitseko. Mayi Nangozo anakana. Ndiye panabuka nkhani ya chipewa choteteza kumutu, chifukwa chinalipo chimodzi chokha cha okwera. Ine ndinati zilibe kanthu, ndipita choncho.

"Lamulo limeneli ndinalimbikira ndine," anatero a khansala. "Ndiliphwanye ndekha lero?"

Tinadikira mpaka mnzawo wa a Sitefano anakabwereka china kunyumba ina. Mumtima ndinkasangalala ndi kuchedwa kulikonse.

Msewu unali phala lokhalokha. Njinga inkapita cham'mbali ngati nkhanu, a Sitefano miyendo ili pansi. Pachitsikira china tayala lakumbuyo linatsetsereka, tonse awiri tinagwera m'ngalande. Sindinavulale, koma jekete inadzaza matope mbali yonse ya kumanzere. Ndikuipukuta ndi udzu ndinaganiza kuti mwina ichi n'chizindikiro choti tibwerere. Nditakweza maso ndinaona a khansala ali kutali kale, chitenje chikuuluzika kumbuyo kwa njinga inayo.

Pa Linthipe tinapeza minibasi yopita ku Lilongwe muli anthu atatu okha. Kondakitala anati tinyamuka pompano. Tinakhala ola lathunthu ndi theka. Anakwera mayi wina ndi matumba awiri a mbatata ya kachewere, amene anawakankhira pansi pa miyendo yathu mpaka mawondo anga anafika pachibwano. Anakweranso agogo ena aamuna opita kuchipatala cha maso, atamanga kansalu kudiso limodzi. Potolera ndalama kondakitala anakweza mtengo, akuti mafuta agula a m'zigubu chifukwa pamalo omwetsera palibe. Anthu anadandaula, koma analipira. Kenako anafuna kufinyira munthu wina pampando wathu umene unali utadzaza kale.

"Achimwene, mpandowu wakwana," anatero Mayi Nangozo. "Agogowa muwaphwanya."

Kondakitalayo sanawayang'ane n'komwe. Anayang'ana ine.

"Bambo, auzeni akazi anuwa akhale chete. Galimotoyi si yawo."

"Si akazi anga," ndinatero. "Ndi a khansala."

Anaseka mpaka kumenya chitseko. "Khansala wokwera minibasi? Ndiye ine ndine nduna!"

Mayi Nangozo sanakwiye. Anatsika, n'kuwauza agogo aja kuti asunthire pawindo, iwo n'kukhala m'mphepete, chikwama pamiyendo, osasiya mpata ngakhale wa chala. Munthu uja anakamufinyira kumbuyo. Titayandikira rodibuloko ya apolisi, dalaivala anaima chapatali n'kutsitsa anthu awiri opitirira kuti adutse wapansi, akawakwezenso kutsogolo. Wapolisi anasuzumira pawindo. Ndinkaona ngati a Chikopa aimba kale foni, dzina langa lili papepala m'thumba mwake. Anayang'ana matumba a kachewere, anayang'ana jekete yanga yamatope kwa kanthawi, kenako anamenya galimoto kuti tizipita.

Kudepoti ya ku Lilongwe oitanira mabasi anatizungulira, wina akukoka chikwama changa uku, wina uko. Tinakwera basi yopita kumpoto imene injini yake inali ikulira kale, ngati inyamuka nthawi yomweyo. Inalira choncho mpaka masana. Analowa ogulitsa mazira, ogulitsa mankhwala a mano, mlaliki amene analalikira za imfa yadzidzidzi, n'kutuluka. Ine ndinawauza a khansala kuti ndikupita kukataya madzi.

Sindinapite kuchimbudzi. Ndinazungulira kuseri kwa mabasi mpaka pamene pamaima maminibasi a ku Dedza. Ndinaima pamenepo ndikumva kondakitala akuitana dzina la kwathu. Ndinkaganiza kuti ndikwere, ndikatsikire pa Dedza boma, ndidutse malire ndikakhale kwa msuweni wanga ku Mozambiki mpaka nkhaniyi itazizira. Phazi limodzi linali litaponda kale pachitseko.

"A Mbewe."

A khansala anali ataima kumbuyo kwanga ndi chimanga chootcha m'manja. Anachithyola pakati n'kundipatsa chidutswa.

"Ya ku Dedza ndi imeneyi, kwerani ngati mukufuna. Ine sindikugwirani. Ndikafika ku Kasungu ndizikafunsa esiteti iliyonse ngati kuli anthu a ku Kabwazi. Mwina ndikawapeza sabata yamawa, mwina inayo."

Anatembenuka n'kumapita. Ndinaima ndi chimanga chija m'manja, kondakitala akundifunsa ngati ndikukwera kapena ndikutseka njira. Ndinawalondola.

Basi inanyamuka dzuwa litapendeka kale. Tinadutsa Lumbadzi bwinobwino, koma pa Mponela dalaivala anakhotera pamalo omwetsera mafuta, kumene kunali mzere wa magalimoto wofika mpaka kumsika. Akuti thanki ya dizilo yangofika kumene, akaphonya pano sitifika. Tinatsika. Ena anakagula tomato, ena anagona pansi pa mtengo. A khansala anakhala pamwala n'kumaimba mafoni, mpaka anapeza mkulu wina woona za antchito wa dera limene tinkapitalo. Anagwirizana kuti akatipeza m'mawa mwake panjira.

Ine ndinakhala ndi bambo amene tinali naye mpando umodzi, wogula ng'ombe wa ku Kasungu komweko, munthu wokonda kucheza. Atandifunsa kumene ndikupita, ndinachita kupusa n'kutchula dera lake.

"Kwa Chikopa?" anatero, n'kusiya kutafuna nzimbe. "Mukukatani kumeneko? Ameneuja ali ndi agalu atatu, akulu ngati ana a ng'ombe. Ndinamva kuti wina anathawa kumeneko, anamupeza pamtsinje agalu atamung'amba ntchafu. Kaya n'zoona kaya ayi, koma ine ng'ombe za kumeneko sindikagula."

Agaluwo ndinkawadziwa. Pamene ndinkagwira ntchito kumeneko anali awiri.

Tinachoka pa Mponela cha m'ma folo. Titadutsa Madisi, basi ikuthamanga kuti ibweze nthawi, panamveka kuphulika ngati mfuti pansi pa mpando wanga. Basi inakhotera kumanja, inabwerera kumanzere, katundu wa pamwamba pa mitu yathu anagwa. Amayi anakuwa, wina akuitana Yesu, mwana akulira. Ndinaona mitengo ikubwera pawindo. Ndinatseka maso, ndipo chimene chinandibwerera m'mutu chinali chakuti ndikafa pano palibe amene akawauze a khansala pokhotera. Basi inakaima matayala a kumanzere ali m'ngalande, itapendekeka. Tinatuluka mmodzimmodzi.

Tayala lapadera linalipo, koma linalibe mpweya. Kondakitala analikweza pagalimoto ina yodutsa kuti akalipopetse ku Madisi. Mvula inayamba. Tinabisala pansi pa khonde la kagolosale kotseka, anthu oposa makumi atatu, tikupumirana m'makosi. Mayi Nangozo anafunsa dalaivala kuti tayala lophulikalo linali la liti. Iye anati wakhala akuwauza abwana ake kwa miyezi, koma akalimbikira amamuuza kuti ofuna ntchito ya udalaivala ndi ambiri. Anamulemba m'kope muja, n'kumupatsa nambala ya foni. Ndinadabwa kuti munthu amene wangotsala pang'ono kufa angakhale ndi mtima wofunsa za ntchito ya wina.

Ku Kasungu tinafika kutada. Tinagona kwa mayi wina amene anaphunzitsapo limodzi ndi a khansala. Ine tulo sindinatione.

Loweruka m'mawa tinapita pamene pamaima malole a matola olowera kumaesiteti. Wina anali atamuuza dalaivala kuti pakwera khansala wochokera ku Dedza. Anathamangira kwa ine, n'kundilanda chikwama mwaulemu.

"Bwana khansala, kutsogolo kuno. Amayiwa akwere kumbuyo ndi anzawo."

Ndisanayankhe, Mayi Nangozo anati, "Zikomo, mpandowo taulandira." Anaitana mtsikana wina amene anali atangotuluka m'chipatala ndi khanda la masiku atatu, n'kumukweza kutsogoloko pamodzi ndi apongozi ake. Ife tinakwera kumbuyo, pamwamba pa matumba a mchere ndi malata. Dalaivala anatsala akundiyang'ana, osamvetsa kuti bwana wamtundu wanji ameneyu.

Msewu wafumbi unali utasanduka mitsinje ing'onoing'ono. Ine ndiye ndinkaloza njira mumtima: apa pali mpingo wa njerwa zosawotcha, apa chigayo, kutsogoloku mtengo wa mkuyu. Chilichonse chimene ndinkachizindikira chinkandiuza kuti tayandikira. Pakasiteji kamene tinapangana ndi mkulu woona za antchito uja, sitinamupeze. Anaimba foni kuti mtsinje wa mbali ya kwawo wadzaza, njinga yake yamoto singawoloke, tidikire kapena tibwerere tidzapite limodzi Lolemba.

"Tidikire Lolemba, mayi," ndinatero msangamsanga. "Kupita tokha n'kudziika m'kamwa mwa agalu."

"Muli munthu wodwala mmenemuja," anayankha. Kenako anamuuza mkuluyo kuti madzi akaphwa atilondole.

Nafenso tinakumana ndi mtsinje wathu. Panalibe mlatho, koma simenti yoyala pansi imene magalimoto amadutsapo chilimwe. Tsiku limenelo simentiyo sinkaoneka. Madzi ofiira ankathamanga atanyamula mapesi ndi nthambi. Dalaivala anazika kamtengo m'mphepete kuti aziona ngati akutsika. Tinakhala pamenepo kuyambira cha m'ma naini mpaka dzuwa lili pamutu. Apongozi a mtsikana uja anatigawira chinangwa chophika. Munthu wina anafotokoza za ngolo imene inakokoloka pamalo omwewo ndi ng'ombe zake zomwe, ena n'kumuuza kuti atseke pakamwa.

Madzi atatsika pang'ono, dalaivala anati tiyese. A khansala anati mtsikana wa khanda ndi amayi onse atsale kaye, lole iwoloke ndi katundu ndi amuna okha. Iwonso anatsala. Tinalowa pang'onopang'ono. Pakatikati injini inatsokomola n'kuzima. Ndinamva lole ikusuntha yokha cham'mbali, pang'ono chabe, ngati wina akuikankha ndi phewa.

"Tsikani mukankhe!" anakuwa dalaivala.

Ndinadumphira m'madzi ofika m'chifuwa, ozizira, okoka miyendo. Ine kusambira sindidziwa, kwathu kumapiri mitsinje timaidumpha. Ndinagwira chitsulo cha kumbuyo ndi manja awiri, ndikukankha, ndikupemphera Tikuoneni Maria mokweza osachita manyazi. Nsapato imodzi inapita. Tinali amuna asanu ndi awiri, ndipo sindikudziwa kuti tinakankha nthawi yaitali bwanji, koma matayala akutsogolo anagwira mchenga wa tsidya linalo. Kenako tinagwirana manja kupanga mzere m'madzimo, amayi n'kumawoloka atatigwira. Khanda analiwolotsa bambo wina wamtali atalinyamula pamwamba pa mutu. Mayi Nangozo anawoloka pomaliza, madzi ali m'khosi, kope atalikulunga m'pepala la pulasitiki n'kuliluma ndi mano.

Lole inakana kulira. Kuchokera pamenepo tinayenda wapansi awiriwiri, ine nsapato imodzi m'manja, pafupifupi ola limodzi, mpaka tinaona zigafa za fodya ndi waya wa mpanda.

Mlonda wa pageti anandizindikira. Sanandipatse moni. Anaimba likhweru, ndipo pasanapite nthawi a Chikopa anafika pa njinga yamoto, agalu atatu akuthamanga pambuyo. Anaima mkati mwa geti. Agaluwo anaika mphuno pawaya, moyang'anizana ndi mawondo anga.

"Gerevazio," anatero akumwetulira. "Wabweretsa ena?"

A khansala anadzitchula dzina ndi udindo wawo, n'kunena kuti abwera kudzaona anthu a m'dera lawo.

"Khansala wa ku Dedza alibe mawu kuno, mayi. Ndipo kuno kulibe womangidwa. Amene ali muno ali pantchito. Bwererani dzuwa lisanalowe, njirayi ndi yoipa."

Mayi Nangozo anayang'ana uku ndi uku, anapeza chitsa pafupi ndi geti, n'kukhalapo. Anamasula kope m'pulasitiki muja. Kenako anakweza mawu, mawu aja a mphunzitsi oitanira ana pabwalo la sukulu.

"Rozina Phiri!"

Kunali zii. Agalu anayamba kuuwa. Anaitananso, mokweza kuposa poyamba. Kuchigafa chachiwiri kunatuluka munthu woonda, atavala thumba la feteleza lobowola pamutu. Ndinamuzindikira ndi kayendedwe kokha.

"Ndilipo!" anayankha Rozina.

Anapitiriza kuitana, dzina ndi dzina. Anthu ankatuluka m'zigafa ndi m'munda, manja akuda ndi utomoni wa fodya, n'kudzaima chapatali kumbuyo kwa a Chikopa. Antchito ena a madera ena nawonso anasiya ntchito n'kubwera kudzaonerera, mpaka panadzaza anthu. Asanu ndi atatu anayankha.

"Damiano Banda!"

Palibe anayankha. Anaitananso. Rozina anagwira pakamwa n'kukhala pansi m'matope.

"Anamwalira Lachinayi m'bandakucha," anatero mmodzi wa amuna a kwathu. "Tinapempha thirakitala kuti tiwatengere kuchipatala, anatikaniza. Anatiuza tiwaike kuseri kwa zigafa tsiku lomwelo."

Lachinayi m'bandakucha ine ndinali kuseri kwa khola langa. Ndinagwira waya wa mpanda kuti ndisagwe, osakumbukanso za agalu.

A khansala anawauza a Chikopa kuti mayina onse asanu ndi anayi anawatumiza kale pafoni kwa mkulu woona za antchito, amene ali m'njira, ndipo iwo sachoka pachitsapo mpaka geti litatsegulidwa ndi zitupa zitabwezedwa. A Chikopa anasiya kumwetulira. Anandiloza ndi kiyi wa njinga.

"Abwere. Ndidzawauza amene anagulitsa anthuwa. Si uyu? Matumba awiri a feteleza, ukukana? Gerevazio, ganiza bwino. Akabwera apolisi, woyamba kulowa m'galimoto ndiwe. Uwauze amayiwa muzipita."

Anthu onse a kwathu anandiyang'ana. Za fetelezayo sankazidziwa. Chimene ndinkachiopa njira yonse chinali chitanenedwa, pamaso pa mwana wa mlongo wanga.

"N'zoona," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndiye ndinabwereza. "N'zoona, ndinalandira. Ndikanena ndekha kwa apolisi. Ndikanenanso amene anandituma, ndi lole imene inabwera, ndi zimene munandiuza za damu."

A Chikopa anandiyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana gulu la antchito limene linali kumbuyo kwawo, limene tsopano linali litayandikira. Mlonda anali atatsitsa kale chibonga chake. A Chikopa analiza njinga n'kupita ku ofesi, agalu pambuyo. Tinadikira osadziwa ngati abwera ndi zitupa kapena ndi mfuti. Ine maso anali panjira imene analowera. A khansala anali chikhalire pachitsa, akufinya madzi m'mphepete mwa chitenje.

Amene anabwera anali kalaliki wawo, ndi zitupa zomanga ndi mphira. Anapatsira pawaya, mlonda n'kutsegula geti.

Tisanachoke, Mayi Nangozo anati awaonetse manda. Unali mulu wa dothi lofiira pafupi ndi dzala, popanda mtanda. Amuna a kwathu anadula timitengo tiwiri n'kumanga ndi luzi. Tinapemphera mwachidule. Mkulu woona za antchito uja anafika chakumadzulo, thalauza atapinda mpaka m'mawondo, ali ndi wapolisi mmodzi. Analemba mawu a aliyense, anga omwe. Wapolisiyo sanandimange tsiku limenelo, koma anandiuza kuti adzandiitana, ndisachoke pamudzi. Nkhani ya malipiro a anthuwo, ya mankhwala aja ndi ya thupi la a Damiano inatsala m'manja mwawo, ndipo a khansala akuyendabe nayo mpaka lero.

Za ulendo wobwerera ndilibe zambiri. Tinagona pasukulu ina pafupi ndi mtsinje, m'mawa tinawoloka madzi atatsika. Kuchokera ku Kasungu a khansala anaonetsetsa kuti aliyense wakhala pampando wakewake. Palibe amene anandilankhula njira yonse, ngakhale Rozina.

Tinafika ku Kabwazi Lamulungu dzuwa likupendeka. Tinayamba kwa akulu ake a Damiano, monga mwa mwambo, kuti uthenga ukalowe pakhomo ndi mwini mbumba. Iwo atamva anavala chipewa, n'kundiuza kuti, "Inunso tiyeni. Mukanene ndi pakamwa panu."

"Ine ndikaima pambali panu," anatero a khansala, "koma wolankhula ndinu."

Tinawapeza a Nabanda atakhala pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Anali ataona kale anthu akubwera ndi mitolo yawo, aliyense akulowera kwawo. Anatiyang'ana tonse atatu, n'kuyang'ananso kunjira kumbuyo kwathu.

"A Mbewe, anzanu mwawasiya kuti?"

Ndinagwada pabwalo.

"Amwalira, mayi. Anawaika komweko. Ndine ndinawatengera kumeneko."

Anaika lichero pansi mosamala kuti nyemba zisatayike. Anaitana mwana wawo wamkulu n'kumuuza kuti atenge ang'ono ake apite nawo kwa azakhali awo. Anadikira mpaka anawo atakhota kuseri kwa nkhokwe. Pamenepo ndi pamene analira, ndipo Mayi Nangozo anakhala nawo pansi n'kuwagwira.

Maliro tinalira masiku awiri popanda thupi. Ndinakhala panja pamodzi ndi amuna anzanga masiku onse awiri. Palibe amene anandithamangitsa, palibenso amene anakhala pafupi nane.